BEDI LA PA YUNIVESITE: KODI MWANA WA KU SANDWE AKAGONE KUTI?

Mbiri yakuti mwana wasankhidwa kukaphunzira pa yunivesite ikafika m'mudzi wa m'dziko la Mfumu Sandwe, tsiku limenelo nkhuku imafa. Amai amaimba nthungululu, aphunzitsi a pa sukulu ya pulaimale pamene mwanayo anayambira amabwera kudzagwira canza, ndipo ngakhale anthu a m'midzi yoyandikana amanena kuti mwanayo ndi wao. Koma alendo akabalalika, banja n'kutsala lokha pa moto, pamabuka funso limene ambiri saliganizira pa nthawi ya mayeso: kodi mwanayu akafika ku Lusaka adzagona kuti?

Funso limeneli ndi lalikulu cifukwa ca kutalika kwa mtunda. Dziko la Sandwe, limene kale linali m'boma la Petauke ndipo kuyambira caka ca 2018 lili m'boma latsopano la Lusangazi, lili kumpoto kwa mseu waukulu wa Great East Road, kufupi ndi nkhalango ya nyama ya South Luangwa. Mwana wa kumeneko ayenera kuyamba wafika pa Petauke, ndipo kucokera pamenepo basi imayenda makilomita pafupifupi 400, kupyola Nyimba, kutsika mapiri a Kacholola ndi kuoloka ulalo wa Luangwa. Mseu womwewo ndiwo umadzera pa cipata ca Yunivesite ya Zambia basi isanalowe pakati pa mzinda. Mwana wa ku Chelstone kapena ku Kabwata akasowa malo ogona pa sukulupo amabwerera kwao madzulo. Mwana wa ku Sandwe alibe kobwerera.

KALE ZINALI BWANJI?

Pamene dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, mbadwa zimene zinali ndi digiri zinali pafupifupi 100 cabe. Cifukwa cace boma linafulumira kukhazikitsa yunivesite, ndipo anthu wamba m'zigawo zonse anasonkha zimene anali nazo kuti nchitoyo iyambike. Ophunzira oyamba, okwanira 312, anayamba maphunziro ao mu March 1966 pa Ridgeway, ndipo mu July caka comweco Dr Kenneth Kaunda anaika mwala wa maziko pa malo a m'mbali mwa Great East Road.

Amene anamanga sukuluyi anadziwa kuti ophunzira ambiri adzacokera kutali, motero anamanga nyumba zogonamo, zimene zimachedwa mahositelo. Zoyamba zinapatsidwa maina akuti President, Africa, Kwacha, International ndi October. Pambuyo pace zinabwera Soweto, Kalingalinga, Tiyende Pamodzi, Kafue ndi Zambezi. Zipinda zambiri zinamangidwa kuti muzigona anthu awiri, aliyense ndi bedi lace, thebulo ndi poika zovala. M'zaka zimenezo boma linali kulipira zonse, ndipo ophunzira anali kudyera m'nyumba yaikulu yodyeramo popanda kutulutsa ngwee.

Akuluakulu ambiri a ku Petauke ndi ku Nyimba amene anaphunzira m'masiku amenewo amakumbukira hositelo yotere, ndipo ndiyo imene amasimbira adzukulu ao. Koma zinthu zinasintha. Lero ophunzira pa yunivesiteyi ndi oposa 20,000, ndipo mabedi alipo sakwanira ngakhale theka la iwo. Boma linayamba kumanga mahositelo ena, koma nchitoyo inaima kwa zaka zambiri cifukwa ca kusowa ndalama. Vuto la kucepa kwa malo limapezekanso pa Yunivesite ya Copperbelt ku Kitwe, imene inatsegulidwa mu 1987, ndi pa mayunivesite ena a boma.

UBWINO WOGONA PA SUKULU

Ubwino woyamba ndiwo kufupika. Wophunzira wogona m'hositelo amatuluka m'cipinda cace nafika m'kalasi m'mphindi zowerengeka, osalipira basi. Nyumba ya mabuku ili pomwepo, ndipo angathe kuwerenga kufikira usiku popanda kuopa mdima wa m'njira. Mvula ikagwa m'mwezi wa January, pamene tinjira ta m'makomboni tadzaza madzi, iye samaphonya phunziro. Akadwala malungo, kiliniki ya yunivesite ili pafupi, ndipo anzace angamunyamule.

Ubwino waciwiri ndiwo mtengo, ndipo uwu ukhudza kwambiri mlimi. Ndalama zolipira bedi la m'hositelo n'zocepa poyerekeza ndi lendi ya kunja, ndiponso madzi ndi magetsi zili m'kati mwa mtengo womwewo. Cinanso n'cakuti hositelo siilipidwa mwezi ndi mwezi. Mlimi wa ku Sandwe amagwira ndalama kamodzi pa caka, akagulitsa thonje, nshawa, cimanga kapena mpendadzuwa m'miyezi ya cilimwe. Mwini nyumba wa ku Lusaka samadikira kukolola. Amafuna zace mwezi ukatha, ngakhale mu February pamene nkhokwe yatsala ndi zitsononkho. Caka cimene njobvu zalowa m'munda, kapena caka ca cilala monga ca 2024, banja lingalephere lendi kwa miyezi yotsatizana, ndipo mwana angapeze katundu wace ali panja mayeso ali pafupi.

Wophunzira amene wapatsidwa ngongole ndi bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016 m'malo mwa komiti yakale ya mabasale, amathandizidwanso pa malo ogona. Koma makolo ayenera kukumbukira kuti imeneyi ndi ngongole yodzabweza mwana akayamba nchito, ndiponso kuti lendi ya kunja kawirikawiri imaposa thandizolo.

Ubwino wacitatu ndiwo citetezo. Pa sukulu pali alonda usana ndi usiku, pali malamulo olembedwa, ndipo pali ofesi ya mkulu woyang'anira umoyo wa ophunzira kumene mwana angakadandaule akalakwiridwa. Atsikana ali ndi nyumba zaozao. Si kunena kuti zoipa sizicitika, koma mtsikana amene sadziwa mzinda amakhala bwinopo pakati pa anzace mazana ambiri kusiyana ndi kukhala yekha kuseri kwa nyumba ya munthu wosamudziwa.

Ubwino wacinai suoneka ndi maso koma umakhalitsa. M'hositelo Mnsenga amagona cipinda cimodzi ndi Mlozi, Mtonga kapena M'bemba. Amaphunzira cinenero ca mnzace, amadya ndiwo zimene sanadyepo, ndipo amazolowera kulolerana. Mwana amene anaphunzira pa sukulu yopanda laboletale kapena kompyuta amapeza mnzace wa caka cacitatu womuonetsa njira, womubwereka buku ndi mapepala a mayeso akale. Mutu umodzi susenza denga, ndipo maphunziro a caka coyamba ndi denga lolemera. Ambiri amene lero ndi madokotala, aphunzitsi ndi akuluakulu a m'maofesi anapeza mabwenzi a moyo wonse m'makhonde amenewa.

ZOVUTA ZACE

Komabe walira mvula walira matope. Vuto lalikulu ndilo kupanikizana. Popeza mabedi ndi ocepa, wophunzira amene wapatsidwa malo amalandira anzace osowa pogona, ndipo mcitidwe umenewu ophunzira amaucha squatting. Cipinda ca anthu awiri cimasanduka ca anthu anai kapena asanu ndi mmodzi, ena awiri pa bedi limodzi, ena pa matilesi pansi. Wopatsidwa bedi amachedwa landlord, ndipo nthawi zina amalipiritsa mnzace ngakhale kuti malamulo salola. Mwana wa kumudzi amene wafika mocedwa ndiye kawirikawiri amakhala wogona pansi, wopanda dzina m'buku la ofesi ndiponso wopanda mau m'cipindamo.

Kupanikizana kumabala matenda. Zimbudzi, mabafa ndi mipope zimene zinamangidwira anthu ocepa zaka zoposa 50 zapitazo zimatumikira khamu, motero zimaonongeka kawirikawiri. Kolera itabuka mu Lusaka mu October 2017 ndi kudwalitsa anthu oposa 5,000 m'dziko muno, masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndipo mu January 2018 boma linaletsa squatting m'mayunivesite ace. Lamulolo linali ndi colinga cabwino, koma mabedi sanaonjezeke, ndipo ana ambiri ocokera kutali ndiwo anavutika kufunafuna pogona. Kolera inabweranso mwamphamvu kumapeto kwa 2023 ndi kuciyambi kwa 2024, ndipo inakumbutsa aliyense kuti malo okhala anthu ambiri amafuna madzi osadukiza.

Vuto lacitatu ndilo cakudya. Masiku odya kwaulere m'nyumba yodyeramo anatha kalekale. Ophunzira amadziphikira okha m'zipinda pa timbaula ta magetsi, pafupi ndi mabedi, mabuku ndi zovala, ndipo nthambo zolumikizalumikiza ndi ngozi ya moto. Magetsi akazima, monga momwe anali kuzimira kwa maola ambiri mu 2024 madzi atacepa m'damu la Kariba, nsima siiphikika ndipo kuwerenga kumavuta. Ndalama za cakudya zimene boma limapatsa ophunzira a ngongole zinacotsedwa mu February 2019, ndipo zinabwezeretsedwa mu 2023. Izi zionetsa kuti thandizo lotere lingasinthe ndi nthawi, ndipo banja lisadalire ilo lokha.

Vuto lacinai ndilo ufulu wopanda woyang'anira. Ana ambiri a ku Sandwe amadziwa kale moyo wa gulu, pakuti anagonapo m'madomitole a sekondale ku Petauke kapena ku Nyimba, ndipo ena anakhalapo m'tinyumba ta lendi pafupi ndi sukulu namadziphikira okha. Koma ku sekondale kuli belu, kuli mphunzitsi woyang'anira, ndipo nyale zimazimitsidwa pa ola lace. Ku yunivesite kulibe womudzutsa munthu. Wina amaliza wailesi pakati pa usiku, wina amabwera ataledzera, wina amalowetsa bwenzi lace nauza anzace kuti akagone kwina. Foni, laputopu, nsapato ngakhale ndiwo za mumphika zimasowa. Mtsikana amene ndalama zamuthera amaona anzace atavala za mtengo wapatali, ndipo magalimoto a amuna acikulire amadziwa njira ya ku mahositelo. Mnyamata nayenso angataye ndalama za mwezi wonse pa moŵa kapena pa njuga ya pa foni.

Vuto lotsiriza ndilo zipolowe. Kumene acinyamata zikwi akhala pamodzi, mkwiyo umayaka msanga. Yunivesite inatsekedwa mu 1971 ophunzira atacita cionetsero pa ofesi ya kazembe wa France, inatsekedwanso mu 1976 pa nkhani ya nkhondo ya ku Angola, ndipo mu June 1990 zipolowe za kukwera mtengo kwa unga zinayambira pomwepo. Mu October 2018, pa mkangano wa ndalama za cakudya zimene zinacedwa, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi m'mahositelo, cipinda cina ca mu October cinagwira moto, ndipo mtsikana wa caka cacinai anafa ndi utsi. Wogona pa sukulu amapezeka pakati pa zotere ngakhale sanaponye mwala. Sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi ophunzira amauzidwa kucoka m'zipinda, ndipo wa ku Sandwe ayenera kupeza ndalama za basi zimene sanazikonzekere.

NANGA KUNJA KULI BWANJI?

Munthu akamva zonsezi angaganize kuti ndi bwino mwana akagone kunja. Koma njira ziwiri zimene zilipo nazonso zili ndi minga.

Njira yoyamba ndiyo nyumba za lendi zimene zimachedwa boarding house, zimene zacuruka ku Kalingalinga, Kalundu, Ng'ombe ndi Mtendere. Zina ndi zaukhondo, zili ndi mpanda, madzi ndi bata, koma mtengo wace ndi wa ana a anthu olandira malipiro. Zochipa, zimene mlimi angazikwanitse, kawirikawiri n'zopanikizana monga hositelo yomwe, mabedi osanjikizana m'cipinda cimene kale cinali cocezeramo, cimbudzi cimodzi ca anthu ambiri. Kusiyana kwace n'kwakuti kulibe ofesi yokadandaulako, lendi ingakwere pakati pa caka, ndipo wophunzira wocokera ku nyumba ya mabuku usiku amayenda m'njira zimene akuba amazidziwa bwino.

Njira yaciwiri ndiyo kukhala kwa wacibale. Ansenga ali ambiri mu Lusaka, ndipo sipalephera kupezeka atsibweni, azakhali kapena mwana wa a mnansi amene angalandire mwanayo. Kumeneko amadya nsima ya pa banja ndipo pali maso a munthu wamkulu. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mabanja ambiri a m'tauni asunga mwambo umenewu mokhulupirika. Koma nyumba za m'tauni ndi zazing'ono, unga ndi wogula, ndipo mlendo wa zaka zinai salinso mlendo. Ngati wacibaleyo akhala ku Matero, ku Kanyama kapena ku Chawama, mwana amakwera mabasi awiri popita ndi awiri pobwera, ndipo ndalama za ulendo pa mwezi zingapose mtengo wa bedi. Mtsikana makamaka amasanduka wophika, wocapa ndi wolera ana, ndipo sangakane cifukwa akudya za eni. Mabanja ena amene anali ogwirizana anadana cifukwa ca nkhani zotere.

KUYEZA ZONSE PAMODZI

Zonsezi zikaikidwa pa sikelo, bedi la m'hositelo limalemerabe kwa mwana wocokera kutali, makamaka m'caka coyamba pamene sadziwa mzinda, sadziwa aphunzitsi ndipo alibe mabwenzi. Zovuta za m'hositelo zimapezekanso kunja, koma ubwino wace, ndiwo kufupika, kuchipa ndi kukhala pakati pa anzace ophunzira, supezeka kwina kulikonse pa mtengo umene mlimi angaufikire. Wophunzira wa caka cacitatu kapena cacinai, amene wadziwa anzace odalirika ndipo afuna bata lolembera nchito yace yotsiriza, angacite bwino kubwereka cipinda kunja pamodzi ndi anzace awiri kapena atatu ngati thumba lilola.

Cofunika kwa makolo ndico kuzindikira kuti hositelo ya lero imapatsa mwana denga ndi bedi cabe. Siimudyetsa ndipo siimulera monga inacitira m'masiku a agogo ace. Cifukwa cace kukonzekera kuyenera kuyamba tsiku limene mbiri yafika.

Coyamba, kupatsidwa malo a maphunziro si kupatsidwa malo ogona. Malo ogona amapemphedwa paokha ku ofesi yoyang'anira umoyo wa ophunzira, ndipo masiku ano zambiri zimacitika pa intaneti. Mwana afunse msanga za tsiku lotsekera, ngakhale zitafuna kuti apite pa Petauke kukapeza netiweki yabwino. Safunsa anadya phula. Mphunzitsi wa pa sekondale kapena wophunzira wa m'dera lomwelo amene ali kale pa yunivesite angathandize kwambiri.

Caciwiri, ndalama za bedi zilipidwe m'njira imene yunivesite yanena, ndipo risiti lisungidwe. Munthu amene atumiza uthenga pa foni wakuti ali ndi bedi logulitsa, namafuna ndalama mwana asanafike, ayenera kukaikiridwa. Bedi logulidwa mwamseri lingalandidwe tsiku lililonse.

Cacitatu, banja likonze pofikira pa masabata oyamba ngati bedi silinapezeke. Ngati ndi kwa wacibale, akuluakulu akambirane poyera za nthawi imene mwana adzakhala, za thandizo la unga ndi za nchito za pa nyumba, kuti pasakhale kung'ung'udza pambuyo.

Cacinai, cakudya ca kumudzi ndi ndalama. Thumba la unga, nyemba, nshawa zosinja ndi mfutso zotumizidwa pa basi zimasunga mwana kwa masabata ambiri, ndipo zimamucotsa m'mayesero amene njala imabweretsa. Pambali pa izi pakhale kandalama kosakhudzidwa ka ulendo wobwerera kumudzi, loko wolimba wa sutukesi ndi cidebe cosungiramo madzi.

Cacisanu, mwana alangizidwe monga munthu wamkulu amene akupita kukakhala yekha. Auzidwe za moŵa, za ngongole, za mabwenzi ndi za zipolowe, ndipo adziwe munthu mmodzi wamkulu mu Lusaka amene angamuimbire foni usiku. Pa yunivesite pali magulu a mipingo yosiyanasiyana ndiponso ophunzira anzace a ku cigawo ca Kum'mawa, ndipo mwana wofika kumene acita bwino kuwafunafuna sabata yoyamba.

Pali mbali inanso imene si ya banja lokha. Malinga ngati mabedi ali ocepa, kagawidwe kace kadzakhalabe nkhani ya cilungamo. Mafumu, makhansala ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo a m'maboma a Lusangazi, Petauke ndi Nyimba ali ndi mau amene angamveke, ndipo ndi nchito yao kukumbutsa boma ndi akuluakulu a mayunivesite kuti mahositelo amangidwe ndi kukonzedwa, ndiponso kuti pogawa zipinda aziyamba aganizira mwana amene kwao kuli ulendo wa tsiku lathunthu. Anthu a m'midzi anasonkha nao pomanga yunivesite yoyamba ya dziko lino, ndipo adzukulu ao ali ndi gawo m'zipinda zace.

Basi yocokera ku Petauke ikamayandikira mzinda madzulo, mwana wa ku Sandwe adzaona nyumba zazitali za yunivesite ku dzanja lace lamanzere. Ngati makolo ace anacita mbali yao, adzatsika akudziwa khomo limene adzagogoda usiku umenewo.